Ufulu wa Wogula pa Mikangano ya Inshulansi ya Mipando ndi Katundu wa M'nyumba

M'boma la Chiradzulu, limene pa kalembera wa 2018 linapezeka ndi anthu oposa 350,000, katundu wa m'nyumba monga masofa, mabedi, matebulo ndi makabati amagulidwa m'njira ziwiri, ndipo njira iliyonse ili ndi mikangano yakeyake. Ambiri amakhometsa kwa akalipentala a pa Njuli, Mbulumbuzi, Namadzi kapena Namitambo, kumene mgwirizano umathera pakamwa ndipo umboni wake ndi ndalama ya chikole imene yaperekedwa basi. Ena, makamaka olandira malipiro a pamwezi monga aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito pa boma kapena ku Nguludi, amakwera minibasi kupita ku masitolo a ku Limbe ndi Blantyre, kumene katundu angathe kutengedwa pangongole yobweza pang'onopang'ono, ndipo pamenepo pamakhala mapepala osayina. M'mapepala oterewa ndimo nthawi zina mumakhala ndalama yoonjezera imene wogula amauzidwa kuti ndi yotetezera katunduyo, koma tsiku limene mpando wathyoka kapena madzi alowa m'nyumba, wogula amamva koyamba kuti vuto lakelo lili m'gulu la zinthu zimene chitetezocho sichikhudza.

Inshulansi yogulitsidwa payokha yotetezera mipando, ya mtundu umene masitolo a ku Britain ndi America amaumirira kugulitsa kwa aliyense wogula sofa, sinafale kuno kwathu. Zimene Mmalawi amakumana nazo ndi zinthu zitatu zofananirako, zimene ogulitsa ndi ogula omwe amazisokoneza, ndipo mikangano yambiri imayambira pa chisokonezo chimenechi. Choyamba ndi udindo umene lamulo limaika pa wogulitsa aliyense, umene wogula salipirira kalikonse. Chachiwiri ndi chitsimikizo cha wopanga kapena wogulitsa, chimene a m'masitolo amachitcha warranty kapena guarantee, ndiko kulonjeza kukonza kapena kusintha katundu akaonetsa vuto mkati mwa nthawi yoikika. Chachitatu ndi inshulansi yeniyeni, umene ndi mgwirizano woti kampani idzalipira ngozi yotchulidwa ikachitika, wogula nayenso n'kumapereka ndalama yotchedwa premium mwezi ndi mwezi kapena kamodzi pachaka.

Choyambacho ndicho champhamvu kuposa zinazo, ngakhale kuti ndicho chimene anthu sachidziwa kwenikweni. Lamulo loona za kugulitsana katundu, Sale of Goods Act, limene linatengera lamulo la ku England la 1893, limati pamene wamalonda agulitsa katundu wa mtundu umene iye amagulitsa, katunduyo ayenera kufanana ndi mmene anafotokozedwera, ayenera kukhala wabwino mokwanira kugulitsidwa, ndiponso ayenera kugwira ntchito imene wogula ananena kuti akumugulira modalira luso la wogulitsayo. Tebulo limene linagulitsidwa ngati la mlombwa koma n'kupezeka kuti ndi la paini wopakidwa vanishi wakuda silikufanana ndi mmene linafotokozedwera, ndipo bedi lokhomedwa ndi matabwa aawisi limene lapindika ndi kung'ambika patangotha masabata ochepa silinali loyenera kugulitsidwa. Pa milandu yotereyi wogulitsa sangatumize wogula ku kampani ya inshulansi, popeza vuto limene katundu anachoka nalo m'sitolo si ngozi, ndipo woyenera kuliyankha ndi amene analandira ndalama. Udindo umenewu umagwiranso kalipentala wa pa msika amene amagulitsa mipando yake, ngakhale panalibe pepala, kungoti popanda lisiti kapena mboni wogula amavutika kutsimikiza zimene anagwirizana.

Mawu amene amalembedwa pa malisiti ndi pa zipupa za masitolo, onena kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, sachotsa udindo umenewu pamene katunduyo ali ndi vuto. Lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda la 1998 linaletsa wamalonda kudzichotsera udindo pa katundu woonongeka, kusocheretsa anthu pa mtengo kapena mtundu wa katundu, komanso kuchita malonda mopanda chikumbumtima, kumene ndi kudyera masuku pamutu munthu amene alibe mphamvu kapena chidziwitso chodzitetezera. Lamulo latsopano la 2024, limene linalowa m'malo mwa lakalelo ndi kuyamba kugwira ntchito pa 1 July chaka chomwecho, linasunga chitetezo chimenechi n'kuonjezera mano.

Pa inshulansi yeniyeni zinthu n'zosiyanako, ndipo pano m'pofunika kulankhula mwachilungamo kumbali zonse ziwiri. Mgwirizano uliwonse wa inshulansi uli ndi ndime zopatula, kutanthauza ziganizo zimene zimatchula mitundu ya kuonongeka imene kampani siidzalipira, ndipo kukhalapo kwa ndime zimenezi pakokha si chinyengo. Kampani imasonkhanitsa ndalama zochepa kwa anthu ambiri kuti ilipire ochepa amene agweredwa ngozi, choncho siingalonjeze kulipira zinthu zimene zidzachitikira aliyense mosalephera, monga kutha kwa nsalu ya sofa chifukwa chokhalidwa zaka zambiri. Kupanda chilungamo kumayamba pamene ndime zopatulazo zabisidwa, pamene zalembedwa m'mawu otanthauza pawiri, kapena pamene zachuluka moti pa ngozi zonse zimene zingagwere wogulayo pamalo pamene akukhala palibe ndi imodzi yomwe imene yatsala mkati mwa chitetezo.

Mfundo yomalizayi ndi imene ikukhudza kwambiri munthu wa ku Chiradzulu. Migwirizano yambiri yotetezera katundu wa m'nyumba imalipira pa moto, mphezi, mphepo yamkuntho, madzi osefukira ndi kuba kochita kuthyola nyumba, koma kawirikawiri imapatula kuonongeka kobwera pang'onopang'ono, chinyezi, chuku, chiswe, kufumbwa kwa matabwa ndi makoswe. Komatu adani enieni a kabati yamatabwa m'nyumba ya m'dera lino ndi omwewa: chiswe chokwera kuchokera pansi, chinyezi cha m'nyengo ya mvula ndi ya chiperoni, ndi denga lodontha limene limanyowetsa matilesi usiku uliwonse kufikira ataola. Migwirizano ina imafuna kuti nyumba ikhale ya njerwa zootcha ndi malata, ndipo ya udzu imakanidwa kapena kukwezeredwa mtengo. Ina imaimitsa chitetezo cha kuba ngati nyumba yakhala yopanda munthu masiku opitirira amene atchulidwa, chimene mphunzitsi wotseka nyumba ya pasukulu n'kupita kumudzi pa tchuthi chachitali ayenera kuchidziwa asananyamuke. Nakonso kuba kumene kulibe chizindikiro chothyola chitseko kapena zenera, monga kwa munthu wokhala m'nyumba momwemo, nthawi zambiri sikulipiridwa. Palinso ulendo wochokera ku sitolo: sofa yomangidwa ndi chingwe pamwamba pa galimoto ya matola ikang'ambika pamsewu wa Limbe kupita ku Zomba, chitetezo chimene chimayamba katundu akalowa m'nyumba yotchulidwa pa chikalata sichikhala chitayamba kugwira ntchito.

Namondwe wa Freddy, amene anakantha chigawo cha kummwera mu March 2023 mpaka mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti maboma okhudzidwa, Chiradzulu ali m'gulu, agweredwa tsoka, akuonetsa bwino mmene mawu amodzi angasinthire chigamulo chonse. Kwa Ntauchira, m'dera la mfumu yaikulu Likoswe, chimene chinakokolola mudzi ndi matope ndi miyala yotsika m'phiri mvula itagwa masiku angapo osalekeza. Migwirizano yambiri ya inshulansi ya nyumba imalipira pa mphepo yamkuntho ndi madzi osefukira koma n'kupatula kutitimira ndi kugumuka kwa nthaka, ndiye pa tsoka la mtundu umenewu funso limakhala lakuti chinaononga katundu ndi mvula kapena ndi kugumuka kwa phiri. Malamulo a inshulansi amayankha poyang'ana gwero lenileni la kuonongekako, ndiye kuti chinthu chimene chinali ndi mphamvu yaikulu poyambitsa ngoziyo, ngakhale chisakhale chomaliza kuchitika. Mkangano wotere ndi wovuta ngakhale kwa maloya, ndipo n'chifukwa chake munthu wokhala m'tsinde mwa phiri la Chiradzulu kapena m'mphepete mwa mtsinje wa Mombezi ayenera kufunsa za kugumuka kwa nthaka mwachindunji ndi kulandira yankho lolembedwa asanapereke ndalama yoyamba.

Pali ndime ina imene siitchulidwa m'gulu la zopatula koma imadula malipiro kuposa zonsezo, imene a inshulansi amaitcha average. Ndime imeneyi imati ngati katundu analembetsedwa pa mtengo wotsika kuposa mtengo wake weniweni pa tsiku la ngozi, mwini wake amatengedwa kuti anasenza yekha gawo lotsalalo, ndipo kampani imalipira molingana ndi gawo limene linalembetsedwa. Mwachitsanzo, katundu wolembetsedwa pa K2,000,000 koma amene mtengo wake wafika pa K4,000,000, moto ukaononga wa K1,000,000, kampani ingalipire K500,000 yokha, n'kuchotsaponso excess, imene ndi ndalama yoyambirira imene mwini katundu amadzilipirira pa ngozi iliyonse. M'dziko limene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, munthu amene wakhala akungobwereza chikalata chake chaka ndi chaka osakweza mtengo wa katundu angakhale kuti ndi wotetezedwa theka lokha iye osadziwa.

Nanga lamulo limati chiyani pa ndime yopatula imene wogula sanaione? Malawi anatengera malamulo a migwirizano a ku England kudzera m'lamulo la atsamunda la 1902, ndipo makhoti athu amaunikirabe zigamulo za kumeneko. Chigamulo cha 1934 pa mlandu wa L'Estrange ndi Graucob chinakhazikitsa mfundo yowawa yakuti munthu akasayina chikalata wamangidwa nacho, kaya anachiwerenga kapena ayi. Koma mfundoyi ili ndi malire. Pa mlandu wa Olley ndi Marlborough Court wa 1949 khoti linati chidziwitso chimene munthu wachiona mgwirizano utachitika kale si mbali ya mgwirizanowo, zimene zikutanthauza kuti kabuku ka ndime zopatula kamene kafika katundu atatsitsidwa kale pakhomo, popanda kutchulidwa m'chikalata chimene chinasayinidwa, kangathe kutsutsidwa. Pa mlandu wa Curtis ndi Chemical Cleaning wa 1951 khoti linatinso ngati wogulitsa wanamiza wogula za tanthauzo la ndime, kampani siingabisale kuseri kwa ndimeyo. Choncho mawu a wogulitsa akuti "chilichonse chikachitika tidzakupatsani wina" ali ndi kulemera pamaso pa khoti, makamaka ngati pali mboni kapena uthenga wa pafoni. Mfundo zina ziwiri zimathandiza wogula: ndime ikamveka pawiri, khoti limasankha tanthauzo lopweteka amene anailemba, ndiponso mwini katundu akaonetsa kuti ngozi yake ili m'gulu la zotetezedwa, ntchito yotsimikiza kuti ndime yopatula ikugwira imakhala ya kampani.

Lamulo loteteza ogula, Consumer Protection Act la 2003, linapita patsogolo kuposa apa. Limapereka kwa wogula ufulu wouzidwa zoona momveka bwino ndi panthawi yake, ufulu wochitiridwa chilungamo mosasankha, ndi ufulu wolandira chipukuta misozi chokwanira mosachedwa. Pa migwirizano yolembedweratu, imene wamalonda amakonza yekha ndipo wogula amangouzidwa posayina, lamuloli limafuna kuti zilembo zikhale zowerengeka kwa munthu wa maso abwinobwino, kuti pakhale kumasulira m'chiyankhulo cha kuno, komanso kuti munthu wosadziwa kuwerenga kapena wosaona awerengeredwe ndi kufotokozeredwa m'chiyankhulo chimene akumva. Limanenanso kuti ndime zochotsa kapena kuchepetsa udindo wa wamalonda pa katundu kapena ntchito yoperewera zilibe mphamvu. Aliyense amene anaonapo chikalata cha ngongole ya m'sitolo, cha Chingerezi chokhachokha ndi timalemba tating'ono ngati nyerere, adziwa kutalika kwa mtunda umene ulipo pakati pa lamuloli ndi zochitika. Komabe lamulo likhala losatsatidwa silinafe, ndipo wodandaula amene walitchula m'kalata yake amakhala ndi poimira.

Kugula pangongole kuli ndi msampha wakewake. Pa mgwirizano wotchedwa hire purchase, katundu amakhalabe wa sitolo kufikira ndalama yomaliza italipiridwa, koma kawirikawiri chikalata chimaika udindo wa kuonongeka kwake pa wogula kuyambira tsiku limene wamutenga, ndipo apa ndi pamene inshulansi imalowera. Wogula ayenera kufunsa kuti ngozi ikachitika ndalama idzapita kwa ndani, chifukwa nthawi zambiri imapita ku sitolo kukatseka ngongole yotsala, wogulayo n'kutsala wopanda mpando ndi wopanda zimene analipira kale. Mtundu wina ndi inshulansi ya ngongole, yolipira munthu akamwalira, akalumala kapena akachotsedwa ntchito. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito ndi kugula katundu pangongole, bungwe loona za ngongole la National Credit Regulator mu 2015 linatengera masitolo a mipando a Lewis ku bwalo loweruza madandaulo a ogula pa nkhani yogulitsa inshulansi ya kutha kwa ntchito kwa anthu opuma pantchito ndi odzilemba okha, amene sakanatha kupindula nayo popeza analibe ntchito yoti achotsedwe, ndipo kampaniyo inalengeza kuti ibweza ndalama zoposa 67 miliyoni rand kuphatikizapo chiwongola dzanja. Ku Britain mabanki ndi makampani ena anabweza mapaundi oposa 38 biliyoni pa inshulansi ya ngongole yogulitsidwa mosayenera. Mlimi wa kwa Kadewere kapena mayi wa geni pa msika wa Mbulumbuzi akauzidwa kuti alipire chitetezo cha kutha kwa ntchito, ali pa malo omwewo amene anali opuma pantchito a ku South Africa aja.

Wogula nayenso ali ndi udindo, ndipo madandaulo ambiri amagwa chifukwa cha mbali imeneyi. Inshulansi imamangidwa pa kukhulupirika kotheratu, mfundo imene inafotokozedwa pa mlandu wa Carter ndi Boehm mu 1766, ndipo tanthauzo lake ndi lakuti wolembetsa ayenera kuulula zonse zimene zingasinthe maganizo a kampani, monga kuti mbali ina ya nyumba ndi okala kapena kuti anaberedwapo kale. Ayenera kulipira panthawi yake, kusamalira katundu ngati kuti alibe chitetezo, kudziwitsa kampani msanga ngozi ikachitika, ndi kukatenga lipoti la apolisi pa nkhani ya kuba. Katundu woonongeka asatayidwe kapena kuperekedwa kwa kalipentala woyeza wa kampani asanamuone, ndipo zithunzi zojambulidwa pafoni tsiku lomwelo ndi umboni wabwino. Kukokomeza mtengo wa zotayika kapena kuonjezerapo zimene kunalibe kungataitse malipiro onse, ndiponso ndi mlandu.

Kampani ikakana kulipira, choyamba ndi kupempha kuti kukanako kulembedwe ndi kutchula ndime imene yagwiritsidwa ntchito, chifukwa yankho la pakamwa la pa kauntala silingatengeredwe kulikonse. Kenako dandaulo lipite mwa kalata ku kampani yomweyo, wodandaula n'kusunga kope lake limodzi ndi lisiti, chikalata cha mgwirizano ndi umboni wa malipiro. Zikakanika pamenepo, njira imatengera mtundu wa vuto. Makampani a inshulansi ndi onse owagulitsira amayang'aniridwa ndi mkulu wolembetsa mabungwe a zachuma, amene malinga ndi lamulo la Financial Services Act la 2010 ndi gavanala wa Reserve Bank of Malawi, ndipo banki imeneyi, imene ili ndi nthambi ku Blantyre, imalandira madandaulo a anthu. Popeza malonda a inshulansi amafuna chiphaso, sitolo imene ikutolera ndalama ya chitetezo iyenera kutha kutchula kampani yovomerezeka imene ili kumbuyo kwake, ndipo ikalephera, wogula adziwe kuti chimene wagulacho ndi lonjezo la sitolo chabe.

Ngati vuto ndi khalidwe la sitolo, monga kunamiza, kukakamiza chitetezo chimene wogula sanapemphe kapena kukana katundu wachilema, nkhani ipite ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lodziwika ndi dzina lachidule la CFTC. Mphamvu za bungweli zinakayikitsa kwa kanthawi: mu 2021 linalamula kampani ya Airtel Malawi kulipira K2.1 biliyoni pa nkhani ya bonasi ya Khethekhethe, koma mu 2023 khoti lalikulu linagamula kuti lamulo la 1998 silinapatse bungweli mphamvu yolipiritsa chindapusa. Lamulo la 2024 linatseka mpata umenewu, ndipo tsopano kampani yolakwa ingalipiritsidwe mpaka 10 peresenti ya ndalama zimene imapeza pachaka. Bungwe la Consumers Association of Malawi, CAMA, limene linakhazikitsidwa mu 1994, si la boma ndipo silingalamule kampani, koma limalangiza ndi kulankhulira ogula. Ofesi ya Ombudsman, imene ambiri amathamangirako, imaona za kusayenda bwino kwa ntchito m'maofesi a boma, choncho mkangano wa munthu ndi sitolo suli wake. Mfumu ya m'mudzi ingayanjanitse wogula ndi kalipentala wa m'dera lake, ndipo nthawi zambiri imeneyi ndiyo njira yachangu ndi yotsika mtengo, koma chigamulo chake sichimanga kampani ya ku Blantyre.

Chotsalira ndi khoti. Milandu ya ndalama zocheperapo imamvedwa ku khoti la majisitireti, limene lilipo pa boma la Chiradzulu, kumene munthu angathe kudziimira yekha, ndipo wosowa ndalama ya loya angapemphe thandizo ku Legal Aid Bureau. Chikalata chiwerengedwe kaye, chifukwa migwirizano ina ya inshulansi imafuna kuti mkangano wa kuchuluka kwa malipiro upite kwa mkhalapakati wosankhidwa ndi mbali zonse usanafike ku khoti. Lamulo loika malire a nthawi yosumira limapereka zaka 6 pa milandu ya mgwirizano, koma zikalata zambiri za inshulansi zimaika nthawi yaifupi kwambiri, ya miyezi yowerengeka kuchokera pa tsiku limene kampani yakana kulipira, ndipo wodikira kupitirira apo angataye mlandu wake usanamvedwe. Wolandira kalata yokana ayang'ane ndime imeneyi tsiku lomwelo.